Kodi "FWK" m'kaundula wa 1841 ndi ntchito yanji?

Funso: Ndikufufuza mtundu wa amuna anga ku Leicester. M'kaundula wa kalembera wa 1841, pa ntchito ya kholo lawo analembapo "FWK" basi. Ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, kholo limenelo linkaluka masokosi pa makina opalasa ndi manja ndi mapazi, ntchito yomwe inali ponseponse ku Leicester ndi Nottingham. Alembi a kalembera ankaloledwa kufupikitsa mayina a ntchito zofala, n'chifukwa chake "FWK" ndi woluka wotere, "Ag Lab" ndi waganyu wa m'minda, ndipo "FS" ndi wantchito wamkazi wa pakhomo. Wina angatsutse kuti zilembo zitatu si umboni, poti okopera zolembazi pa intaneti amaphonya kawirikawiri. Akunena zoona, koma kukayikako kumatha mukaona chithunzi cha tsamba lenilenilo. Yang'anani ntchito za anansi: ngati mzere wonse wa nyumba uli ndi oluka, mlembi sanalakwitse. Kenaka fananizani ndi kalembera wa 1851 komanso satifiketi ya ukwati, chifukwa kuyambira 1837 imatchula ntchito ya mkwati ndi ya bambo ake. Zolembedwazi zikasemphana, kapena zilembo zikakhala zofufutika, lemberani ofesi yosunga zakale ya Leicestershire kuti akuwerengereni.