Mwamuna, Khasu ndi Galimoto: Phunziro Lochokera ku Chiyoruba

Mu Chiyoruba, chiyankhulo cha anthu mamiliyoni ochuluka a kummwera chakumadzulo kwa Nigeria ndi mbali zina za Benin ndi Togo, muli mawu amene munthu akawalemba mothamanga pa foni amangooneka chonchi: oko. Akalembedwa moyenera amapatukana. Ọkọ ndi mwamuna wapabanja, ọkọ́ ndi khasu, ọkọ̀ ndi galimoto kapena bwato, ndipo oko wopanda timadontho pansi ndi munda. Ndiye mayi akatumiza uthenga wakuti "oko" wake wasowa, wolandirayo ayenera kuganiza msanga ngati athamangire kupolisi kapena angomubwereka khasu.

Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma m'kati mwake muli funso limene akatswiri a ziyankhulo za kumadzulo kwa Africa akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 150: kodi chiyankhulo chilembedwe bwanji kuti mwini wake achizindikire papepala? Funsoli lakula masiku ano pamene malonda, maulendo ndi intaneti zalumikiza mayiko, ndipo Chingerezi ndi Chifalansa zikulowa m'thumba la aliyense kudzera pa foni. Kwa amene tikuphunzira zauphunzitsi, yankho lake limakafika mpaka pabolodi.

Kukweza ndi kutsitsa mawu

Mu Chiyoruba phatikizo lililonse limatchulidwa mokweza, motsitsa kapena pakatikati. Lokweza amalilemba ndi kamzere pamwamba monga á, lotsitsa monga à, ndipo lapakati amalisiya lopanda kanthu. Kadontho ka pansi kali ndi ntchito ina. Kamasiyanitsa e ndi ẹ, o ndi ọ, komanso s ndi ṣ, chifukwa Chiyoruba chili ndi malembo a liwu asanu ndi awiri, osawerengera otchulira m'mphuno, pamene Chichewa chili ndi asanu okha.

Izi si zachilendo kwa ife. Werengani mokweza chiganizo ichi: "Mtengo wa mango wagwa." Kodi mukunena za mphepo yamkuntho kapena za kumsika? Pakamwa panu pakusiyanitsa mawu awiriwo, koma cholembera sichikutero. Ife timapulumuka chifukwa mawu athu ndi aatali ndipo nkhani yonse imatithandiza kudziwa tanthauzo. Mawu ambiri a Chiyoruba ndi aafupi, phatikizo limodzi kapena awiri, choncho kamvekedwe kamasenza katundu wolemera kwambiri.

Zinayambira ku Freetown

Kafukufuku wa ziyankhulo za m'chigawochi anakula pamalo achisoni. Dziko la Britain litaletsa malonda a akapolo, asilikali ake a pamadzi ankagwira zombo zonyamula akapolo n'kukatsitsa anthuwo ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone. Mzindawo unadzaza ndi anthu a mitundu yosiyanasiyana, aliyense ndi chiyankhulo chake. Mmishonale wa ku Germany, Sigismund Koelle, anakhala nawo pansi mmodzimmodzi n'kumawafunsa mawu omwewomwewo, pafupifupi 300. Mu 1854 anatulutsa buku lotchedwa Polyglotta Africana, loyerekeza ziyankhulo zoposa 100.

Mmodzi mwa anthu amene anawafunsa anali Mateke, ndipo chiyankhulo chake Koelle anachilemba ndi dzina la Amaravi. Mawu a Mateke ndi Chinyanja chodziwikiratu. Tangoganizani: ena mwa mawu akale kwambiri a chiyankhulo chathu amene anasindikizidwa m'buku analembedwera ku gombe la kumadzulo kwa Africa, kuchokera pakamwa pa munthu amene anachotsedwa kwawo mokakamiza.

Mu Freetown momwemo munakulira Samuel Ajayi Crowther, Myoruba amene anagwidwa ukapolo ali mnyamata ndipo anamasulidwa mu 1822. Anaphunzira ku Fourah Bay College, ndipo mu 1864 anakhala bishopu woyamba wa Chiafirika mu mpingo wa Anglican. Mu 1843 anatulutsa buku la mawu a Chiyoruba, kenako anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo. Kusiyana kwa Koelle ndi Crowther n'kofunika kukuona. Koelle ankamva chiyankhulo ngati mlendo wakhutu lakuthwa. Crowther anachiyamwira kubere, ndipo ankadziwa kuti kulemba mawu osaonetsa kamvekedwe kake n'kusocheretsa wowerenga. Kalembedwe kamene iye ndi anzake anayala maziko ake kanakonzedwanso ndi akatswiri a ku Nigeria monga Ayo Bamgbose, amene anatulutsa buku la malamulo a Chiyoruba mu 1966.

Mindandanda ya mawu yotereyi ndi imene inathandiza kupeza ubale wa ziyankhulo. Joseph Greenberg wa ku America anaika Chiyoruba, Chiigbo ndi ziyankhulo za Chibantu monga Chichewa m'banja limodzi lotchedwa Niger-Congo, ndipo anaonetsa kuti ziyankhulo za Chibantu zinachokera cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon. Chihausa, ngakhale chili ku Nigeria komweko, ndi cha banja lina.

Foni ikalowerera

Makiyibodi a makompyuta ndi mafoni anapangidwa poganizira Chingerezi. Kwa zaka zambiri, Myoruba wofuna kulemba ọ̀ ankayenera kuvutika, ndipo ambiri anangozisiya. Mauthenga a pa Facebook ndi WhatsApp, zikwangwani, ngakhale mayina a anthu m'ziphaso, zambiri zinalembedwa popanda timizere. Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chaching'ono cha zomwezi: lembo la ŵ la m'dzina lakuti Malaŵi simulionanso kawirikawiri m'nyuzipepala.

Wina anganene kuti palibe vuto bola anthu akumvana. Vuto limaonekera kwa awiri: mwana amene akuphunzira kumene kuwerenga, ndi makina. Google Translate inalandira Chiyoruba, Chihausa ndi Chiigbo mu 2013, ndipo Chichewa chinalowa mu 2014. Makina omasulira amaphunzira kuchokera ku zolemba zimene anthu anaika kale pa intaneti. Akadya zolemba zopanda timizere, amaphunzira kuti mwamuna, khasu ndi galimoto ndi chinthu chimodzi. Komanso gawo lalikulu la zolemba zolongosoka m'ziyankhulo zambiri za mu Africa ndi Baibulo ndi mabuku a mipingo. Zimenezi ndi ulemu kwa omasulira akale, koma zotsatira zake n'zakuti makinawo amadziwa bwino za nkhosa, pangano ndi guwa la nsembe, n'kumapunthwa akafika pa za kubanki kapena malangizo a kuchipatala.

Akatswiri a lero akulimbana ndi zimenezi. Gulu la Masakhane, limene linayamba mu 2019, limasonkhanitsa ofufuza a mu Africa kuti atolere ndi kumasulira zolemba m'ziyankhulo zawo. Ena akupanga mapulogalamu obwezeretsa timizere pamawu amene alembedwa opanda kanthu. Kola Tubosun wa ku Nigeria anayambitsa mtanthauziramawu wa mayina a Chiyoruba pa intaneti, woti munthu amve katchulidwe ka dzina ndi kudziwa tanthauzo lake. Ku Guinea, anyamata awiri apachibale, Ibrahima ndi Abdoulaye Barry, anachita zoposa pamenepo. Mu 1989, ali ana, anapanga malembo awoawo a Chifulani otchedwa Adlam, chifukwa malembo a Chiarabu amene anthu ankalemba nawo makalata sankagwira bwino mawu ena a chiyankhulo chawo. Mu 2016 malembowa analowa mu Unicode, ndondomeko imene imachititsa kuti lembo lioneke chimodzimodzi pa foni iliyonse.

Tisaiwale kuti Chiyoruba ndi chiyankhulo chachikulu, chokhala ndi mabuku, mafilimu ndi mapulofesa. Nigeria ili ndi ziyankhulo zoposa 500, ndipo zing'onozing'ono sizikumezedwa ndi Chingerezi chokha. Kumpoto ana ambiri akusiya ziyankhulo za agogo awo n'kutenga Chihausa, ndipo m'mizinda ya kummwera akutenga Pidgin, imene wailesi ya BBC inayamba kufalitsiramo nkhani mu 2017.

Zaka zisanu ndi chimodzi za ku Ile-Ife

Apa ndi pamene kafukufuku wa ziyankhulo anakumana ndi choko. Mu 1970, Pulofesa Aliu Babatunde Fafunwa ndi anzake a pa yunivesite ya mu mzinda wa Ile-Ife anayamba kuyesa chinthu chimene ambiri ankachikayikira. Gulu lina la ana linaphunzira maphunziro onse a pulayimale, zaka zisanu ndi chimodzi, mu Chiyoruba, ndipo Chingerezi linkachiphunzira ngati phunziro palokha. Gulu lina linatsata njira yozolowereka: Chiyoruba zaka zitatu zoyamba, kenako zonse m'Chingerezi.

Makolo ankaopa zimene makolo athu amaopanso, kuti mwana wophunzira m'chiyankhulo cha kwawo adzatsalira pa Chingerezi, chimene ndi khomo la sekondale ndi ntchito. Zotsatira zinaonetsa zina. Ana ophunzira mu Chiyoruba anachita bwino kuposa anzawo m'maphunziro ambiri, ndipo pa Chingerezi sanatsalire.

Anthu ambiri akamatchula kafukufukuyu amathera pomwepo, koma mbali imene ine ndimaiona yofunika kwambiri ndi ntchito imene inachitika kuseri. Mabuku a masamu ndi sayansi a mu Chiyoruba a makalasi onsewo kunalibe, choncho anayenera kulembedwa. Akatswiri a chiyankhulo anakhala pansi ndi aphunzitsi kufunafuna mawu: ena anawatenga m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku, ena anawapanga, ena anawabwereka n'kuwaveka Chiyoruba. Aphunzitsi anaphunzitsidwa mwapadera, ndipo Chingerezi chinapatsidwa kwa aphunzitsi ochidziwa bwino. Otsutsa ena amati n'chifukwa chake anawo anapambana, osati chifukwa cha Chiyoruba chokha. Mfundo yawo ili ndi mutu, koma kwa ine ikungotsimikiza kuti kuphunzitsa m'chiyankhulo cha mwana kumafuna ndalama, mabuku ndi kalembedwe kogwirizana. Kalata yochokera ku unduna payokha siyingakwanitse.

Ngakhale Fafunwa anadzakhala nduna ya zamaphunziro mu 1990, njira ya ku Ile-Ife sinafalikire dziko lonse. Mayiko akhala akupita uku ndi uku. Ghana inasankha Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba mu 2002, kenako inabwerera ku ziyankhulo za m'dzikomo m'makalasi oyamba. Kuno ku Malawi, mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo, koma lamulo la zamaphunziro la mu 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Aliyense amene wachitapo maphunziro oyeserera kusukulu ya kumudzi akudziwa zimene zimachitika: funso limalembedwa pabolodi m'Chingerezi, mphunzitsi n'kutembenuka kukalifotokoza m'Chichewa kuti ana asangomuyang'ana.

Nigeria yeniyeniyo inavomereza mu 2022 kuti ana aziphunzira m'ziyankhulo zawo zaka zonse zisanu ndi chimodzi za pulayimale, monga anachitira ku Ile-Ife. Mu November 2025 boma linathetsa ndondomekoyo n'kubwerera ku Chingerezi, ponena kuti zotsatira za mayeso sizinali zabwino. Wophunzira zauphunzitsi akamva zimenezi ayenera kufunsa mafunso amene a Fafunwa anayamba nawo mu 1970. M'zaka zitatu zimenezo, ndi mabuku angati a masamu amene anafika m'manja mwa ana m'ziyankhulo zawo? Ndi aphunzitsi angati amene anaphunzitsidwa kulemba ọkọ, ọkọ́ ndi ọkọ̀ pabolodi popanda kusokoneza?