Kupenta galimoto pakhomo: changu chimadya phindu

Galimoto yooneka bwino imakopa okwera, ndipo tsiku loigulitsa ogula sanenerera kwambiri. N'chifukwa chake eni ma Probox, Sienta ndi minibasi ena ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri amapenta galimoto zawo pakhomo m'malo mopita ku galaja zikuluzikulu.

Koma zipangizo zambiri zopentera zimachokera kunja, ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake si yamasewera. Wobwereza ntchito amagula penti kawiri, ndipo chimene chimabwerezetsa kawirikawiri ndi changu.

Ntchito imayamba ndi kutsuka galimoto ndi sopo kuti mafuta ndi polishi wakale zichoke, chifukwa penti sagwira pa mafuta. Dzimbiri lipalidwe mpaka chitsulo chioneke mbee. Likangokwiriridwa, limadzatukusira penti pakapita miyezi yochepa.

Wogula sandipepa adziwe kuti nambala yaing'ono ndi yokhakhala, yaikulu ndi yosalala. Fila wotsekera mophwanyika amayamba kupalidwa ndi 80, kenako 180 mpaka 320, ndipo apalidwe wouma. Fila amamwa madzi, ndipo madziwo amadzayambitsa dzimbiri kunsi. Akapopera pulaima n'kuuma, apale ndi 600 kapena 800.

Nyengo nayo ndi yofunika kuiwerengera. Chinyezi cha chiperoni cha mu June ndi July chimachititsa penti kuoneka wotuwa, pamene dzuwa la mu October limamuumitsa asanayale bwino. Nthawi yabwino ndi m'mawa kukayera, pamthunzi, mphepo isanayambe. Pansi pawazidwe madzi kuti fumbi lisauluke.

Penti wa 2K amasakanizidwa ndi hardener motsatira muyeso wolembedwa pachitini, osati mongoyerekeza. Akasakanizidwa amalimba pakangopita maola ochepa, choncho wopenta asakanize wokwana nthawi imeneyo basi, ndipo ayambe watsimikiza kuti magetsi a kompuresa alipo. Popopera, mfuti yake italikire masentimita 15 mpaka 20, ndipo pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri padutse mphindi 10 mpaka 15. Wothira wambiri nthawi imodzi, penti amayenderera ngati misozi.

Ngakhale atasamala chotani, penti wapakhomo amatuluka ndi tifumbi komanso makwinya onga khungu la lalanje. Apa m'pamene pamafunika kupala ndi madzi. Clear coat, yemwe ndi wowala wapamwamba uja, aume kaye tsiku limodzi kapena awiri. Sandipepa wa 1500 anyikidwe m'madzi a sopo pang'ono kwa mphindi 15, akulungidwe pa kachidutswa ka labala, ndipo apale mopepuka madzi akuthiridwa. Kenako abwere wa 2000, n'kumalizira wa 3000. Kupala ndi zala zokha kumasiya mizere.

Clear coat ndi wopyapyala kuposa pepala la m'kope. Madzi opalira amayenera kutuluka oyera ngati mkaka. Akayamba kuonetsa mtundu wa galimoto, ndiye kuti waboola, ndipo malowo afunika kupentanso. M'makona ndi m'mphepete mwa zitseko ndi mosachedwa kubooka, choncho ndi bwino kumatamo tepi.

Ikapalidwa, galimoto imaoneka yofiifira, koma zisadetse nkhawa. Kuwala kumabwera ndi rubbing compound, kenako polishi. Makina opolishira ayende pang'onopang'ono osaima malo amodzi, chifukwa kutentha kumawotcha penti. Wax adikire mwezi umodzi kapena kuposerapo kuti penti akhwime.

Moyo nawo usaiwalike. Hardener wa 2K ali ndi mankhwala oononga mapapo ndipo amayambitsa mphumu. Kansalu kapakamwa sikateteza. Pamafunika chophimba kumaso chopangidwira ntchito yopenta. Ana atalikire, ndipo thina asayandikire mbaula kapena fodya.

Wofuna kusintha mtundu wa galimoto ayambe wafunsa ku Road Traffic, poti mtunduwo umalembedwa m'mapepala a galimoto.

Kwa wopenta waganyu, potchula mtengo awerengere sandipepa, tepi, thina ndi masiku odikira, osati penti yekha. Kwa mwini minibasi, kuimika galimoto masiku awiri owonjezera kumawawa, koma n'kotchipa poyerekeza ndi kugulanso zitini.