PHUNZIRO 17: N'CHIFUKWA CHIYANI ANTHU AKULIPIRA NDI FONI?

TIWERENGE PAMODZI



Pa 16 Juni 1980 dziko lathu linasiya eskudo, ndalama ya atsamunda, ndipo linalandira metikali. Makolo athu anaigwira m'manja, anayang'ana zithunzi zake, anaphunzira manambala ake. Lero metikali ikuyendanso popanda kugwiridwa. Imachoka m'foni ya mwana ku Beira, n'kufika m'foni ya mayi wake ku Ulongwe madzi a nsima asanawire.

Sabata yatha mayi wina wa m'kalasi mwathu, wogulitsa kachewere pamsika, anatifunsa kuti: "Aphunzitsi, ogula ambiri akuti alibe ndalama m'thumba, akufuna kulipira ndi foni. Ndikakana amapita kwa mnzanga. Ndikavomera sindidziwa ngati ndalama yalowadi. Zimenezi zachokera kuti?"

Funso ili ndi lathu tonse. Sitiliyankha ndi mphekesera. Tiyang'ana zimene zachitika m'mayiko ena, tifufuze zifukwa zake, kenaka tibwerere kwathu.

NJIRA ZITATU

Kulipira ndi foni kuli ndi njira zitatu.

Yoyamba ndi kudina manambala pafoni. Njira iyi imagwira ntchito ngakhale pa foni yamabatani, popanda intaneti. Ndiyo timaidziwa kwambiri kuno.

Yachiwiri ndi kujambula chizindikiro cha QR. Ichi ndi kachithunzi ka ngodya zinayi, kodzaza timabokosi takuda. Wogula amalozetsa foni pa kachithunzi, ndalama n'kupita kwa wogulitsa.

Yachitatu ndi kuyandikiza foni ku kamakina ka m'sitolo. Kamakina kamalira, malonda atha.

M'njira zitatu zonsezi dzanja siligwira ndalama yapepala kapena yachitsulo.

KENYA: MTUNDA

M'mwezi wa Malichi 2007 kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa. M'Chiswahili, pesa ndi ndalama. Antchito a ku Nairobi ndi ku Mombasa anali ndi makolo kumidzi. Ndalama ankazipereka kwa woyendetsa basi kapena kwa mnansi wopita kumudzi. Nthawi zina zinkachedwa, nthawi zina zinkafika zoperewera. Banki inali kutali ndipo inkafuna mapepala ambiri.

M-Pesa inaika maajenti m'timagolosale ta m'midzi. Mwana amaika ndalama mumzinda, mayi amakatenga kwa ajenti wapafupi. Anthu atazolowera kutumiza, anayamba kulipira nayo m'masitolo, makamaka kuyambira 2013.

Ku Kenya chimene chinakankha anthu ndi mtunda.

CHINA: KUTSIKA MTENGO

Alipay inayamba mu 2004. Ntchito yake yoyamba inali kusunga ndalama ya wogula pa intaneti mpaka katundu atafika. Motero wogula sankaopa kuberedwa. WeChat Pay inabwera mu 2013. Anthu a ku China ali ndi mwambo wopatsana ndalama mu envulopu yofiira pa chaka chawo chatsopano. Mu 2014 mwambo uwu unalowa m'foni, ndipo anthu miyandamiyanda anatumizirana mphatso koyamba mwa njira imeneyi.

Koma nkhani yaikulu ili pa wogulitsa wamng'ono. Makina olandirira khadi la banki ndi odula. Pepala la QR silidula: amalisindikiza n'kulimata pathebulo. Wogulitsa ndiwo zamasamba atha kulipeza. Wokazinga nyama pamsewu atha kulipeza. Ogulitsa onse akalandira, ogula amasiya chikwama kunyumba.

Ku China chinakankha anthu ndi kutsika mtengo kwa chida.

INDIA NDI ZIMBABWE: KUSOWA KWA NDALAMA ZOGWIRIKA

Ku India njira ya UPI inayamba mu Epulo 2016. Pa 8 Novembala chaka chomwecho boma linaletsa mwadzidzidzi ndalama zapepala za marupi 500 ndi 1,000. Zimenezi zinali magawo pafupifupi 86 pa 100 a ndalama zonse zoyenda m'manja. Anthu anaima pamizere ya banki masiku ambiri, ndipo ena anayesa foni chifukwa chosowa pogwira. Ndalama zapepala zinabwerera, koma UPI inapitiriza kukula, chifukwa intaneti ya m'foni inatsika mtengo, ndipo kuyambira Januwale 2020 wogulitsa sankadulidwa kanthu polandira. Mu Ogasiti 2023 anthu analipira ndi UPI maulendo oposa 10 biliyoni m'mwezi umodzi.

Pali chinthu china choti tichione bwino. Ogulitsa ambiri a ku India amaika pathebulo kabokosi kolankhula. Ndalama ikalowa, kabokosi kamatchula kuchuluka kwake mokweza. Wogulitsa wotanganidwa, ndiponso wosadziwa kuwerenga, amamva ndi makutu ake. Vuto la mayi wathu wa kachewere lili ndi ku India komwe.

Kwa anansi athu a ku Zimbabwe, EcoCash inayamba mu 2011. Mu 2016 ndalama zogwirika zinasowa, anthu mpaka kugona pamizere ya banki. Pamenepo buledi, tomato ndi basi zinayamba kulipiridwa ndi foni. Anthu sanasankhe mwa chimwemwe. Anakakamizika.

BRAZIL: DZANJA LA BOMA

Ku Brazil amalankhula Chipwitikizi ngati kuno. Kale kutumiza ndalama pabanki kunali ndi mtengo wake, ndipo kunkadikira masiku ndi maola a ntchito. Mu Novembala 2020 banki yaikulu ya dzikolo inayambitsa Pix, ndipo inalamula mabanki akuluakulu onse kulowamo. Munthu wamba salipira potumiza. Ndalama imafika nthawi yomweyo, usana ndi usiku, ngakhale Lamlungu. M'zaka zochepa Pix inafika m'misika ndi m'misewu ya dziko lonse.

Ku Brazil boma linakonza msewu umodzi woti onse ayendemo.

BRITAIN: CHANGU NDI MATENDA

Ku Britain anthu anali kale ndi mabanki ndi makhadi. Vuto lawo silinali mtunda. Linali mizere ndi nthawi. Mu Julayi 2014 mabasi a ku London anasiya kulandira ndalama zogwirika. Wokwera amayandikiza khadi pa kamakina n'kulowa. Mu 2015 Apple Pay inafika, ndipo foni inayamba kugwira ntchito ya khadi. Mu 2020 kunabwera mliri wa Covid-19. Anthu anaopa kugwira ndalama imene yadutsa m'manja ambiri, ndipo masitolo ambiri anapempha ogula kuti angoyandikiza khadi kapena foni.

KUMENE ANTHU ANACHEDWA

Tisaganize kuti makina akabwera anthu amangothamangira. Ku Japan mafoni olipirira analipo kuyambira 2004, Kenya isanayambe M-Pesa. Komabe mu 2016 malonda olipiridwa popanda ndalama zogwirika anali pafupifupi magawo 20 okha pa 100. Chifukwa chake n'chomveka. Kuba m'misewu kunali kochepa, makina otulutsa ndalama anali paliponse, ndalama yapepala sinkavutitsa munthu. Galu wokhuta sathamangira fupa. Zinatenga mpaka 2024 kuti chiwerengerochi chipitirire magawo 40.

Ku Ghana, mu Meyi 2022, boma linaika msonkho wa 1.5 pa 100 pa ndalama zotumizidwa pafoni. Anthu anadandaula, ambiri anabwerera ku ndalama zogwirika. Msonkhowo unachotsedwa mu 2025.

TAPHUNZIRAPO CHIYANI?

Munthu sasiya ndalama ya m'manja chifukwa choti foni ndi yokongola. Amaisiya pamene zinthu zinayi zakumana.

Choyamba, njira yakale ikumupweteka.
Chachiwiri, njira yatsopano siidula.
Chachitatu, amene amagula kwa iwo ndi amene amatumiza kwa iwo akuigwiritsanso ntchito.
Chachinayi, akukhulupirira kuti ndalama yake sitayika.

Chimodzi chikasowa, munthu amamanganso ndalama yake pansonga ya chitenje.

KUNO KWATHU

Mu Mozambique mKesh inayamba mu 2011, M-Pesa ya Vodacom mu 2013, kenaka e-Mola ya Movitel. Kuyambira 2022 ndalama itha kuchoka ku njira imodzi kupita ku inzake.

Zifukwa zathu zikufanana ndi za ku Kenya. Mabanki ali m'matauni, minda ili kumidzi. Mlimi wochokera kumsika ndi ndalama ya fodya kapena ya kachewere amaopa achifwamba panjira. Wogulitsa amavutika kupeza chenji. Mwana wa kumigodi ya malasha ku Moatize afuna kuthandiza kwawo popanda kutaya ndalama ya chapa.

Zopinga zathu tikuzidziwanso. Kumidzi ina netiweki imavuta. Foni imafuna moto, magetsi kulibe. Tsiku lina ajenti alibe ndalama yotipatsa. Potapa ndalama amadulako pang'ono, ndipo kwa wosauka pang'onopo ndi mchere wa sabata.

Koma chopinga chachikulu ndi umbuli. Pamene tinalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 9 pa 10 aliwonse sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 dziko linayamba kampeni yoyamba yophunzitsa akuluakulu. Nkhondo imeneyo sinathe. Kale wosadziwa kuwerenga ankaberedwa pasikelo ya sitolo ya mtsamunda. Lero amaberedwa pafoni. Amapereka foni kwa mlendo kuti amuwerengere uthenga. Amatchula nambala yake yachinsinsi pagulu. Wakuba safunikanso kuthyola chitseko.

Mayi wathu wa kachewere tsopano amadziwa manambala onse, kuyambira 0 mpaka 9. Akuphunzira kusiyanitsa 150 ndi 1,500. Dzulo anawerenga yekha ndalama yotsala m'foni yake, kalasi yonse n'kuwomba m'manja. Ndowa yake sichoka pathebulo iye asanaone nambala ndi maso ake.

MALAMULO ANAYI A WOPHUNZIRA

1. Nambala yachinsinsi ndi yathu yokha. Sitiuza ajenti, mlendo kapena woimba foni.
2. Tisanatumize, tiwerenga dzina ndi nambala kawiri.
3. Sitipereka katundu chifukwa cha uthenga wa m'foni ya wogula. Tiyang'ana ndalama m'foni yathu.
4. Wina akati watitumizira ndalama molakwitsa, sitibweza tisanaone ngati yalowadi.

MAWU ATSOPANO

foni: fo-ni
fa fe fi fo fu
lipira: li-pi-ra
pa pe pi po pu
metikali: me-ti-ka-li
chinsinsi: chi-nsi-nsi

Tilembe m'makope athu: Ndimawerenga ndekha ndalama yanga.

TIWERENGETSERE

Mayi ali ndi metikali 200 m'foni. Wagulitsa ndowa 3 za kachewere, ndowa iliyonse metikali 350. Wogula walipira ndi foni. Kodi m'foni muyenera kukhala ndalama zingati? Ngati mayi waona 305, kodi wogula watumiza zingati? Apereke kachewere kapena ayi?

TIKAMBIRANE

1. Kodi chinakankha anthu a ku Kenya n'chiyani? Nanga a ku Zimbabwe?
2. N'chifukwa chiyani anthu a ku Japan anachedwa, chikhalirecho makina anali nawo?
3. Pa zinthu zinayi zija, n'chiti chikusowa m'mudzi mwathu?
4. Ndani m'banja mwathu amapereka foni kwa ena kuti amuwerengere?

NTCHITO YA SABATA INO

Aliyense wa ife aphunzitse mnansi mmodzi manambala khumi a pafoni. Lachisanu tibwere naye kukalasi.

Wodziwa aphunzitse wosadziwa!
Umbuli ugwe!
Nkhondo yolimbana ndi umbuli ipitirire!