Khonde losaterera kumudzi, dziwe losambira kumene muli

Ambirife tikapeza kangachepe ku Joni, ku Mangalande kapena ku Ireland, timayamba ndi kumangira makolo nyumba ya malata ya khonde lalikulu. Pa chithunzi cha pa WhatsApp timafuna khondelo lioneke lofiira psuu, likunyezimira ndi polishi. Ngati kwanu ndi ku Goliati, kapena kwina kulikonse m'dera la minda ya tiyi ku Thyolo, kunyezimirako n'kumene kumagwetsa anthu.

Thyolo ndi dziko la chinyezi, n'chifukwa chake tiyi amakondako. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mawawa osaleka. Khonde lopaka polishi likanyowa, pamwamba pake n'kudzapondapo katondo wa kumapazi, limaterera ngati therere. Amayi amene anathyola tiyi zaka zambiri, mawondo atatha kale, ndi amene amatuluka mbandakucha ndi ndowa m'manja. Munthu wamkulu akathyoka fupa la m'chiuno, kuchira kwake n'kwa miyezi, ndipo ena sayendanso bwinobwino.

Musanatumize ndalama pa Mukuru, lankhulani ndi mmisiri nokha, ndipo mumvane izi. Ntchito yopaka penti pakhonde m'malo mwa polishi ichitike pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, chiperoni chitatha, mvula isanayambe. Ngati simenti ndi yatsopano, idikire masiku 28 osapakidwa kanthu. Ngati ndi khonde lakale, polishi yense achoke kaye, chifukwa penti sagwira pa polishi, amangosupuka. Akweche ndi burashi ya waya ndi sopo wamphamvu, ndere aiphe ndi Jik, atsuke, asiye paume masiku angapo. Njira yodziwira ndi yosavuta: athirepo madzi pang'ono. Akalowa m'simenti, ndiye kuti pakonzeka. Akangokhala timadontho pamwamba, polishi akadalipo.

Ku Limbe agule penti wapansi, amene a ku Joni mumamudziwa kuti stoep paint, osati penti wonyezimira wa zitseko. Apa ndi pamene amisiri ambiri amafupikitsa ntchito, choncho limbikiranipo: akapaka koyamba, penti asanaume, awaze mchenga wosefa bwino, wouma. Mawa lake asese umene sunagwire, apakenso kachiwiri. Khonde limatuluka lokhakhala pang'ono, phazi n'kumagwira ngakhale kwanyowa. M'mphepete mwa sitepe iliyonse mudutse mzere woyera kapena wachikasu, kuti maso otopa aone pothera sitepe madzulo. Pambali pakhale chogwirira chachitsulo chozikika m'simenti, ndi nyale ya sola pakhomo. Funsani kanema akuthira ndowa ya madzi pakhondepo, muone ngati akutsikira panja osadikha.

Chotsala ndi kukambirana ndi eni nyumba. Amayi adzafuna kubwezera polishi wawo, pakuti khonde lowala ndi ulemu wa pakhomo. Auzeni mofatsa kuti, “Amayi, pamenepo pazingokolopedwa ndi madzi ndi sopo, polishi azipakidwa m'nyumba mokha.” Mukalephera apa, ndalama zonse zapita pachabe.

Nanga thupi lanu inuyo? Ndalama za khondelo zimachokera pa kunyamula okalamba a eni m'nyumba zowasamalira, kapena kuimirira tsiku lonse m'sitolo, ndipo msana ndi mawondo ndi zimene zimalipira. M'mizinda yambiri kumene tili, monga Johannesburg, Dublin ndi Manchester, muli maiwe osambira a khonsolo, olowa ndi ndalama zochepa. Ambirife timawalambalala chifukwa tinakulira kumapiri, kutali ndi nyanja, sitidziwa kusambira. Sikofunika kudziwa. Lowani mbali yosaya, madzi alekeze m'chiuno kapena pachifuwa, muziyenda uku ndi uko mukupalasa ndi manja. Madzi a m'chiuno amachotsa pafupifupi theka la kulemera kumene mawondo amasenza, komabe minofu imagwira ntchito poakankha. Yambani ndi mphindi 15 kapena 20, muziwonjezera pang'onopang'ono. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. A matenda a mtima, khunyu kapena kuthamanga kwa magazi ayambe aonana ndi dokotala, ndipo musalowe m'madzi popanda woyang'anira pafupi.

Mukabwera kumudzi pa Khirisimasi, chizolowezichi musapite nacho m'madamu a m'minda kapena m'timitsinje toyenda pang'onopang'ono. M'madzi otere mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ana obadwira kunja sadziwa zimenezi. Ngati wina walowamo, mukabwerera muuze dokotala kuti anasamba m'madzi a ku Malawi, amuyeze pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mankhwala ake ndi praziquantel.