Za Udzudzu Woluma Usana

Ife a ku Katete, Sinda ndi Vubwi udzudzu wa malungo tiudziwa bwino, pakuti umadza usiku ndipo timaucinga ndi neti. Koma ulipo wina, dzina lace Aedes aegypti, wakuda, wa mawanga oyera m'miyendo, umene uluma m'mamawa ndi popendeka dzuwa, anthu ali pa nchito zao. Ndiwo utenga nthenda ya dengue kwa wodwala ndi kupatsira wamoyo.

Nthendayi ikonda mizinda ikuluikulu. Inagwa ku Pemba m'dziko la Mozambique m'caka ca 1984, nibweranso mu 2014, ndipo ku Dar es Salaam inasautsa anthu mu 2019. Tsono ana athu amalonda amapita ku Dar es Salaam kukagula katundu, ndipo magalimoto a ku Mozambique alowa tsiku ndi tsiku pa Chanida. Munthu angathe kulumidwa kutali, nadwala atafika kwao, cifukwa nthenda ioneka patapita masiku 4 kufikira 10.

Wodwala atentha thupi, namva kupweteka kuseri kwa maso ndi m'mfundo zonse. Apite ku cipatala akamuyese, popeza zizindikiro zifanana ndi malungo. Amwe madzi ambiri ndi paracetamol, koma aspirin ai, pakuti ionjeza kutaya mwazi. Kutentha kukatsika, m'mimba mukayamba kupweteka kapena nkhama kucuca mwazi, musacedwe ndi usiku womwe.

Udzudzu umenewu suswana kudambo ai. Uswana pakhomo penipeni, m'mtsuko, m'dilamu, m'zitini, m'tayala lakale, ngakhale m'phale momwera nkhuku. Uikira mazira ace m'mbali mwa cotengera, pamwamba pang'ono pa madzi, ndipo mazirawo akhala amoyo miyezi yambiri ali ouma. Apa ndipo ambiri alakwa. Mai ataya madzi nayesa kuti watha, koma pothira madzi ena mazira aja aswa, ndipo patapita sabata limodzi kapena masiku 10 udzudzu wauluka. Cifukwa cace kamodzi pa sabata mukwece m'kati monse ndi mcenga kapena citsononkho, mubvundikire zosungira madzi, ndi kubvundika pansi zimene zilibe nchito.

Udzudzuwu suuluka kutali, koma mpanda wa udzu suuletsa, ndipo tayala la mnansi wanu likwanira kudwalitsa ana anu. Nkhaniyi muitule kwa nyakwawa ndi pa msonkhano wa amai, kuti mupangane tsiku limodzi lotsuka mudzi wonse. Mukalembera abale a ku Lusaka ndi ku Chipata, amene asunga madzi m'madilamu mipope ikauma, muwauzenso za mazira aja.