Masiku 24 pamsewu wa ku Sacramento: phunziro la bilu yodikira kusainidwa

Bilu ikadutsa m'nyumba ya malamulo, ambiri amayesa kuti nkhani yatha. Komatu pamakhala patatsala khomo limodzi, la munthu amene ayenera kuisainira kuti isanduke lamulo. M'chaka cha 2022, anthu ogwira ntchito m'minda ya ku California, m'dziko la America, anagogoda pakhomo limenelo mpaka linatseguka, ngakhale kuti silinatseguke lonse.

Mphamvu za bwanamkubwa

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo komanso bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu. Ku California nyumba ya malamulo ili pawiri: Assembly, ya aphungu 80, ndi Senate, ya aphungu 40. Bilu ikadutsa konseko imapita kwa bwanamkubwa, amene angathe kuisainira, kuikana n'kupereka zifukwa zake, kapena kungokhala chete. Akakhala chete mpaka nthawi itakwana, biluyo imasanduka lamulo popanda dzanja lake. Kawirikawiri amapatsidwa masiku 12, koma mabilu odutsa kumapeto kwa msonkhano wa aphungu, monga momwe zinalili mu Ogasiti 2022, amakhala nawo mpaka pa 30 Seputembala.

Malamulo amalola aphungu kugonjetsa kukana kwa bwanamkubwa ngati magawo awiri mwa magawo atatu a nyumba iliyonse avoteranso biluyo. Zimenezi n'zapapepala chabe, chifukwa ku California papita zaka zoposa 40 aphungu asanachitepo zotero. Apa pali kusiyana ndi Malawi. Gawo 73 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa pulezidenti masiku 21 oti asainire bilu kapena aibweze ku nyumba ya malamulo pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo aphungu akaivomerezanso ndi mavoti a ambiri m'nthawi yoikika, pulezidenti amayenera kusainira. Ku California, bwanamkubwa akakana ndiye kuti bilu yafa chaka chimenecho. N'chifukwa chake mwezi wa Seputembala maso onse amakhala pa ofesi imodzi ya mumzinda wa Sacramento.

Chimene anthu a m'minda ankafuna

Chigwa chachikulu cha Central Valley chimatulutsa mphesa, malalanje, tomato ndi mbewu zina zambiri zodyetsa America. Ambiri mwa anthu amene amathyola zipatsozi ndi ochokera ku Mexico, ndipo ena ambiri mwa iwo alibe ziphaso zokhalira m'dzikomo. Lamulo la dziko lonse la 1935, loteteza ufulu wa anthu apantchito wokhala m'mabungwe owaimira, linasiya kunja anthu a m'minda. California inakonza lamulo lakelake mu 1975, lowalola kuchita chisankho chachinsinsi chosonyeza ngati akufuna bungwe lowaimira kapena ayi.

Vuto linali pa malo ovotera. Chisankho chotere chinkachitikira kawirikawiri pamunda pa bwana pomwepo. Bungwe la United Farm Workers linkanena kuti munthu amene ntchito yake ili m'manja mwa kapitawo, amenenso amaopa kubwezedwa kwawo, savota momasuka kapitawoyo akumuona akulowa pamzere. Mu Juni 2021 khoti lalikulu la America linawonjezera mtolo. Pa mlandu wa Cedar Point Nursery, khotilo linagamula motsutsana ndi dongosolo la California limene linkalola oimira mabungwe kulowa m'minda ya eni ake maola atatu pa tsiku, kwa masiku 120 pa chaka, kukalankhula ndi antchito.

Bilu ya AB 2183, imene inabwera ndi phungu Mark Stone, inkafuna kutsegula njira zina ziwiri: kuvota kudzera papositi, kapena kusaina khadi losonyeza kuti munthu akufuna bungwe, ndipo makadi akapitirira theka la antchito, bungwelo livomerezedwe.

Eni minda nawonso sanakhale chete. Mabungwe awo, monga Western Growers ndi California Farm Bureau, anapempha bwanamkubwa Gavin Newsom kuti aikane biluyo. Mfundo yawo sinali yopepuka. Ankati munthu akakhala yekha m'kachipinda kovotera palibe amene amadziwa zimene wasankha, pomwe khadi limasainidwa pamaso pa munthu amene wabwera nalo, ndipo mantha angathe kuchokeranso mbali imeneyo. Mbali zonse ziwiri zinkalankhula za kuopsezedwa kwa wantchito yemweyo, koma iliyonse inkaloza chala inzake.

Anali atakanidwa kale

Njira imeneyi anthu a m'minda ankaidziwa bwino. Bwanamkubwa Arnold Schwarzenegger anakana mabilu otere kangapo. Jerry Brown, yemwe anasainira lamulo la 1975 lija, anakana bilu ya makadi mu 2011. Newsom nayenso anakana bilu yofanana nayo mu Seputembala 2021, patangopita masiku ochepa chipulumukireni pa chisankho chofuna kumuchotsa paudindo, chimene bungwe la antchitowo linamuthandiza kupambana. Zinawawa ngati munga wa m'phazi. Mu 2022 ofesi yake inanenabe kuti bwanamkubwa sakukhutira ndi chitetezo cha mavoti a papositi.

Apa m'pamene bungwelo linachita chinthu choyenera kuchilingalira mofatsa: silinadikire kuti bilu ifike kaye pa tebulo la bwanamkubwa. Pa 3 Ogasiti 2022, aphungu asanamalize n'komwe kuvota, gulu la anthu linanyamuka wapansi m'tauni ya Delano kulowera ku Sacramento, ulendo wa makilomita pafupifupi 540, woposa mtunda wochokera ku Blantyre kukafika ku Kasungu. Ogasiti ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo m'chigwa chimenecho, ndiponso ndi nyengo yokolola, imene wantchito wa m'munda amapezamo ndalama zambiri za chaka. Amene anayenda ulendo wonse anali ochepa, ndipo anataya malipiro a masabata atatu ndi masiku ena. Ena ankalowa m'gululo kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo m'matauni a m'njira anthu ankawalandira ndi chakudya, madzi ndi malo ogona. Mtsogoleri wa bungwelo, mayi Teresa Romero, anali nawo pa ulendowo.

Msewuwo sanausankhe mwangozi. Mu 1966, pa nthawi ya sitalaka ya othyola mphesa imene anayambitsa antchito ochokera ku Philippines motsogozedwa ndi Larry Itliong, Cesar Chavez anatsogolera ulendo wochokera ku Delano komweko n'kukafika ku Sacramento tsiku la Pasaka. Bwanamkubwa wa nthawi imeneyo, Pat Brown, bambo ake a Jerry Brown, sanapezeke kuti awalandire. Munthu aliyense wa ndale ku California amaidziwa nkhani imeneyi, choncho oyenda a mu 2022 sanafunikire kufotokoza zambiri. Ankangofunsa, ndi mapazi awo, kuti Newsom akufuna kukumbukiridwa mbali iti ya mbiriyo.

Anafika ku Sacramento pa 26 Ogasiti, atayenda masiku 24, ndipo anthu zikwizikwi anawaperekeza pa chigawo chomaliza cha ulendowo. Patangopita masiku ochepa aphungu anavomereza biluyo. Ulendo unatha, koma masiku a bwanamkubwa anali atangoyamba kumene kuwerengedwa.

Mwezi wa m'bindikiro

Chionetsero cha tsiku limodzi n'chosavuta kuchipirira. Mtsogoleri amatseka zenera, anthu n'kubalalika, mawa lake nkhani n'kukhala ina. Antchitowo sanabalalike. Anayamba m'bindikiro usana ndi usiku pafupi ndi nyumba ya malamulo ku Sacramento komanso m'mizinda ina monga Los Angeles, San Francisco ndi Fresno. Pempho lawo linali limodzi, lokhala ndi nambala ya bilu ndi tsiku lomaliza lodziwika kwa aliyense. Sanalisakanize ndi madandaulo ena onse a moyo wa m'munda, ngakhale kuti madandaulowo ndi ambiri.

Kumayambiriro kwa Seputembala, Pulezidenti Joe Biden anatulutsa chikalata chonena kuti akugwirizana ndi biluyo. Si kawirikawiri pulezidenti wa America kulowerera pa bilu ya chigawo chimodzi, makamaka pamene bwanamkubwa wake ndi wa chipani chake chomwe. Biden analibe mphamvu iliyonse ya lamulo pa nkhaniyi. Mawu ake anangochititsa kuti kukana kukhale kodula kwa Newsom kuposa chaka chapitacho. Ubale wa bungwelo ndi akuluakulu a ku Washington unathandiza, ndipo magulu ambiri a anthu wamba alibe mwayi wotere. Mdzukulu wa Chavez, mayi Julie Chavez Rodriguez, anali mmodzi wa akuluakulu ogwira ntchito ku White House pa nthawiyo.

Pa 28 Seputembala 2022, kutatsala masiku awiri kuti nthawi ithe, Newsom anapita kumene kunali m'bindikiro ku Sacramento ndipo anasainira biluyo pamaso pa antchitowo.

Mtengo wa siginecha

Siginechayo sinabwere yokha. Tsiku lomwelo kunalengezedwa kuti bwanamkubwa, bungwe la United Farm Workers ndi chitaganya cha mabungwe a anthu apantchito cha California Labor Federation agwirizana kuti lamulolo lidzakonzedwe chaka chotsatira. Pamene anthu ankagona panja, atsogoleri awo ankakambirana ndi ofesi ya bwanamkubwa, ndipo zokambiranazo n'zimene zinapatsa Newsom njira yosainira popanda kuoneka ngati wameza mawu ake.

Mu Meyi 2023 bilu ina, AB 113, inakwaniritsa panganolo. Kuvota kwa papositi, kumene kunali pakamwa pa aliyense pa ulendo uja, kunachotsedwa. Njira ya makadi inatsala, koma anaiikira malire: ingagwiritsidwe ntchito maulendo osapitirira 75 basi. Chisankho chachinsinsi cha mu lamulo la 1975 chinakhalabe m'malo mwake. Njira ya makadiyo inapatsidwanso tsiku lothera, pa 1 Januwale 2028, pokhapokha aphungu atavomereza bilu ina yoitalikitsa, ndipo bwanamkubwa amene adzakhalepo pa nthawiyo, yemwe sadzakhala Newsom chifukwa nthawi yake ikutha mu Januwale 2027, atalola kuti isanduke lamulo.