Moto ukabuka m'phiri, tiyambe tawerengana

Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba itagwa, anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje amaona kawirikawiri mzere wofiira ukukwawa pamwamba pa phiri usiku. Tinauzolowera kotero kuti ambiri timangoti kwapsanso, basi n'kukagona. Phunziro lino likunena za tsiku limene moto wolusa watsika n'kufika kumphepete kwa minda ndi nyumba zathu. Pa tsiku loterolo mudzi uli ndi ntchito ziwiri, kuzimitsa moto ndi kudziwa kumene munthu aliyense ali. Yoyambayo timaithamangira tonse. Yachiwiriyo kawirikawiri imasowa mwini, chikhalirecho ndiyo imene imapulumutsa miyoyo.

Chifukwa chake miyezi ino

Udzu umene unakula ndi mvula umauma m'nyengo yachisanu, ndipo pofika Sepitembala ndi Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, umakhala wongodikira kamoto kamodzi. Chiperoni chimanyowetsako mbali zina za phiri, koma chikangodutsa, masiku owerengeka a dzuwa ndi mphepo amaumitsanso zonse. Moto wambiri sudziyambitsa wokha. Amauyatsa ndi anyamata osaka mbewa ndi nyama, otentha makala, ofula njuchi, osuta fodya, komanso alimi amene posonsa moto pa zinyalala za m'munda amausiya usanazime. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 n'kuwonjezera zilango, limaletsa kuyatsa moto mwachisawawa m'nkhalango zotetezedwa, ndipo phiri lathuli ndi imodzi mwa nkhalangozo.

Chimene chimapsa kumtundako si udzu wokha. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi kupatula paphiri pano. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha itatsala. A nthambi ya zankhalango pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akubzala mbande zambiri ndi kulambula njira zotchinga moto, koma mbande ya mkungudza siipirira moto, ndipo lupsa la tsiku limodzi limafafaniza thukuta la zaka zingapo.

Mayendedwe a moto

Munthu wodziwa mayendedwe a moto amadziwanso kothawira. Moto umathamanga pokwera chitunda kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi amaweramira udzu wa kumtunda n'kuuwamba usanayake. Ophunzitsa zozimitsa moto amati liwiro lake limawirikiza kawiri nthawi iliyonse pamene kutsetsereka kwa malo kwawonjezekera madigiri 10. Choncho wothawira kumtunda moto uli pambuyo pake akupikisana ndi chinthu chimene sichitopa, pamene iye akupuma wefuwefu. Makwawa ndi zigwembe zouma n'zoopsa koposa, pakuti zimakoka mphepo ndi malawi ngati chumuni, ngakhale zimaoneka ngati pobisalira pabwino.

Kothawira ndi kumene kulibe choyaka: munda wolimidwa kale, bwalo la mpira, msewu waukulu, thanthwe lotakata lopanda udzu, dziwe la mumtsinje, kapena malo amene moto wadutsa kale ndipo azizirako. Makolo anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo pa nkhani iyi mawuwo ngoona monga momwe akumvekera. Dutsani cham'mbali mwa moto kulowera kumunsi. Mukatsekerezedwa, gonani chafufumimba pamalo a dothi, pena kuseri kwa mwala waukulu, ndipo mufunde thupi lonse, chifukwa kutentha kwa malawi kumavulaza munthu malawiwo asanamukhudze.

Kumudzi, nyumba zambiri zaudzu sizipsa ndi malawi ochokera m'tchire mwachindunji. Zimapsa ndi timakala touluka ndi mphepo timene timakatera padenga, pankhokwe kapena pamulu wa udzu wofolerera umene taunjika pafupi ndi khonde. N'chifukwa chake kulambula mamita angapo kuzungulira nyumba, khola ndi nkhokwe kuyenera kuchitika mu Juni kapena Julaye, utsi usanayambe kuoneka. Moto waung'ono wa udzu waufupi tingauzime ndi nthambi zaziwisi, makasu ndi dothi, tikumaugwira cham'mbali ndi kumbuyo, mphepo ili kumsana kwathu. Malawi akatalika kuposa munthu, nthambi ilibenso ntchito, bwererani.

Ndani akuwerenga anthu?

Mfuu ikamveka, mudzi umagawikana. Abambo ndi anyamata amathamangira kumoto, amayi amatulutsa katundu ndi kutunga madzi, ana amabalalika kukaonerera. Aliyense amaganiza kuti gogo wa nyumba ya kumapeto uja wina wamutulutsa kale. Mwana wake akuti mwina ali kwa alamu, alamu akuti mwina ali ndi adzukulu. Palibe woipa mtima pamenepa, vuto ndi lakuti ntchitoyo sinapatsidwe kwa munthu wodziwika dzina.

Kuno kwathu mwinimbumba amadziwa mbumba yake yonse, ndipo nyakwawa imadziwa nyumba iliyonse ya m'mudzi mwake. Chofunika n'chakuti kudziwa kumeneku kusanduke dongosolo moto usanabuke. Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mogwirizana ndi amfumu ndi komiti ya zachilengedwe, ikhale pansi ndi kope n'kulemba anthu amene sangathe kuthawa okha: okalamba, odwala ogonera pamphasa, amayi oyembekezera otopa, osaona, oyendera ndodo kapena njinga, ndi ana amene amatsala okha makolo akapita kukathyola tiyi kapena kumsika. Osamva asaiwalike, pakuti belu la kutchalitchi ndi wezulo kwa iwo n'chimodzimodzi ndi chete. Amafunika munthu wokawagwira paphewa. Odwala khunyu nawonso asayandikire moto, ndipo wina akagwa pafupi nawo tim'koke mosazengereza, popeza khunyu sipatsirana pomukhudza munthu.

Pambali pa dzina lililonse palembedwe anthu awiri oyandikana nalo nyumba. Awiri, chifukwa mmodzi akhoza kukhala kumaliro kapena kuchigayo tsikulo. Mudzi ugwirizanenso malo amodzi okumanirana, monga bwalo la sukulu, ndi munthu mmodzi wosunga kope amene sapita kukazimitsa moto. Ena adzamuona ngati waulesi, ataima ndi cholembera anzake akutuluka thukuta. Asiyeni anene. Iyeyo ndiye adzazindikire msanga kuti mwana wa uje sanaoneke.

Foni imathandiza, koma ili ndi mayimbidwe ake. Kufunsa kuti “Muli bwanji kumeneko?” sikukwanira, chifukwa ife mwaulemu timayankha kuti tili bwino ngakhale utsi uli m'nyumba. Funsani mafunso ofuna yankho lenileni: “Amalume, muli pati panopa? Muli ndi yani? Agogo atuluka? Utsi ukulowera kuti?” Mukamaliza dulani msanga kuti batire ndi mayunitsi zisathe, ndipo ena apeze mpata woimba. Netiweki ikamavuta, uthenga wolemba nthawi zambiri umadutsa pamene kuimba kwakanika. Amene wapulumuka asadikire kufunsidwa, atumize yekha mawu kwa wosunga kope ndi kwa abale ake, kuti wina asalowe mu utsi kukafuna munthu amene wakhala kale phee kwa mnansi. Kumene foni siigwira, mnyamata wa njinga ndiye mthenga, koma ayende ndi mnzake ndipo auzidwe nthawi yobwerera.

Abale athu a ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Johannesburg amamva za moto kudzera pa WhatsApp, mwina ife tisanawaimbire. Zithunzi zina zimene zimazungulira pamenepo n'zakale kapena n'za kumayiko ena. Musatumize chithunzi chimene simukudziwa kumene chinajambulidwa, ndipo dzina la munthu amene mwangomva kuti wapsa lisalengezedwe pagulu abale ake asanauzidwe mwamwambo.

Amene ali kuphiri

Apa ndiye povuta, ndipo tiyenera kulankhula mosabisa. Tsiku lililonse anthu amakwera phiri: amayi otola nkhuni ndi omweta udzu, operekeza alendo ndi onyamula katundu wawo kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Sapitwa. Otsirizawa amadziwika kumene alowera. Koma alipo ena amene amakwera mozemba, ocheka matabwa, otentha makala ndi otchera misampha. Moto ukabuka, mabanja awo amakhala chete poopa kuti akaulula, m'bale wawo akamangidwa. Mayi amagona m'maso, akumvetsera sitepe pakhomo, osauza ngakhale mchemwali wake.

Mantha amenewa ngomveka, koma kuwerengera kwake n'kolakwika. Wogwidwa m'nkhalango amakaonekera kubwalo la milandu, amalipira chindapusa kapena kugwira ukaidi, kenako n'kubwerera kwawo. Wothyoka mwendo m'chigwembe, moto uli kumunsi kwake, alibe masiku ambiri oterowo. Phunziro lino silikuikira kumbuyo owononga phiri, pakuti ena mwa iwo ndi omwewo amene amayatsa motowo. Likungonena kuti pa tsiku la ngozi kope la mudzi ndi lowerengera miyoyo, ndipo atsogoleri akalisandutsa kope la milandu, chaka chamawa palibe adzawauze zoona. Za mlandu zidzakambidwa munthuyo atapezeka.

Aliyense wokwera phiri m'miyezi ino asiye mawu kunyumba: njira imene wadzera, amene ali nawo, ndi nthawi imene akuyembekeza kutsika. Wina akapanda kubwerera, dziwitsani amfumu, alangizi a zankhalango ndi apolisi nthawi yomweyo. Chikondi chimakankha munthu kuti anyamuke yekha usiku ndi tochi kukafuna m'bale wake, koma akatero ofunidwa amakhala awiri. Opita kukafuna akhale gulu, motsogozedwa ndi odziwa njira, atanyamula madzi, ndipo mayina awo nawonso alembedwe.

Wopsa ndi wopuma utsi

Zovala zikagwira moto munthu asathamange. Agone pansi n'kugubuduka, kapena anzake amukute ndi bulangeti lokhuthala. Nsalu za nayiloni zimasungunukira pakhungu, choncho popita kukazimitsa moto valani zathonje zofika m'mikono ndi nsapato zotseka, osati patapata.

Pamene papsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Madzi okha basi. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, ufa, ndowe ndi zina zimene timazimva m'midzi zimasunga kutentha m'kati ndi kulowetsa tizilombo, ndipo zimapatsa ntchito achipatala poyeretsa bala. Vulani mphete ndi zibangili pasanatupe, koma nsalu yomatirira pabala musaikoke. Matuza asaboolidwe. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo bala likaposa chikhatho cha wopsayo, kapena likakhala kumaso, m'manja, kumapazi kapena kumalo obisika, pitani naye kuchipatala. Mwana wamng'ono ndi wokalamba apite ngakhale bala lioneke lochepa.

Utsi sutulutsa magazi, motero timauchepsa. Odwala mphumu, chifuwa chachikulu ndi mtima, makanda ndi amayi oyembekezera achotsedwe kumene utsi ukulowera, mankhwala awo ali m'manja. Nsalu yonyowa pamphuno imachepetsako phulusa, koma siitchinga utsi wonse. Munthu amene mawu asasa, ali ndi mwaye m'mphuno, kapena akupuma movutikira atatuluka mu utsi, akaonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo, chifukwa njira ya mpweya imatha kutupa patapita maola iye akuoneka ngati wachira.

Moto ukazima

Mwambi uja wakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire timautchula kawirikawiri, koma timaiwala kuti ndevu zikazima munthuyo amakhalabe ndi zilonda. Tsiku la moto anthu amadzaza pakhomo. Pakatha masiku atatu pamakhala zii. Imeneyo ndiyo nthawi yobwererako. Banja limene nkhokwe yake yapsa mu Okutobala lili ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti lidzakolole, ndipo ambiri amachita manyazi kupempha. Musafunse ngati akusowa kanthu. Onani nokha ngati pamafuwa payaka moto, ngati ana apita kusukulu, ngati makadi akuchipatala, ziphaso za unzika ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku zinapulumuka. Womwa ma ARV kapena mankhwala a shuga sangadikire sabata. Komiti ya m'mudzi ilembe zowonongeka molondola, mosakuza ndi mosakondera, n'kuzipereka kukomiti ya dera kuti zikafike kukhonsolo.

Zitsa ndi zipika zimanyeka m'kati kwa masiku, ndipo mphepo ikadzuka zimayatsanso moto, choncho m'malire mwa lupsa muziyenderedwa. Njoka zothawa moto zimabisala m'milu ya nkhuni ndi m'makhitchini. Mtengo wa magetsi ukagwa, mawaya asakhudzidwe mpaka a ESCOM atafika. Ndipo ngati pali woganiziridwa kuti ndiye anayatsa, aperekedwe kwa amfumu ndi apolisi. Mkwiyo wa gulu sunamangepo nyumba yopsa.

Kope lija musalitaye mvula ikayamba. Potsetsereka pamene papsa sipagwira madzi, ndipo mvula yamphamvu imatsika msanga ndi dothi ndi miyala kulowa mu Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo. Akuluakulu akukumbukira napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, nthawi imene deralo linali likadali mbali ya boma la Mulanje, ndipo za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 palibe wofunika kukumbutsidwa. Mabanja okhala kumunsi kwa malo amene apsa chaka chino awonjezedwe m'kopemo, pamodzi ndi mayina a anthu awiri odzawadzutsa usiku mtsinje ukayamba kulira.